Voice note ya kwa amalume, za ma monita ndi waya wa netiweki

Amalume mwaswera bwanji, ndamva funso lanu lija pa gulupu loti ma monita a ku lodge ku Monkey Bay mungawayatse ndi waya wa netiweki m'malo moti mukoke ma soketi ena. Eya zimatheka, amati PoE, koma monita wamba yogula mu shopu ija ilibe kabowo ka netiweki, nde mpaka mugule ka splitter kotsitsa magetsi kuchoka pa 48V kufika pa 12V kapena 19V, komanso chithunzi chikufunabe HDMI yake payokha, nde mawaya akadali awiri basi.

Pomwe pagona nkhani ndi pa ma watts. PoE yoyamba ya 2003 imatulutsa 15.4W, imeneyo ndi ya makamera ndi mafoni a mu ofesi. Ya 2009 ija amati PoE+ imachoka pa switch, ka bokosi kolumikizako mawaya onse a netiweki, ndi 30W koma pofika uko yatsala 25.5W, ina yathera m'njira kutenthetsa waya. Monita ya ma inchi 24 imadya cha m'ma 20W mpaka 30W, mukuona kuti zangokwanirana movutikira, mukakweza kuwala ikhoza kumangozima. Yamphamvu ndi ya 2018, 802.3bt, imafika 90W, koma switch yake ndiyodula heavy amalume.

Ubwino wake ulipodi, inverter kapena sola imodzi pa switch, magetsi akathima zonse zikuyakabe, ndipo waya umodzi umayenda mpaka mamita 100. Kungoti switch yomweyo ikapsa ndi mphenzi nthawi ya dzinja zonse zagona limodzi.

Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi waya. Mawaya a netiweki aja amati Cat6, otchipa ambiri ndi CCA, aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba. Musanalipire sendani kachingwe kamodzi mupale ndi mpeni, mkati mukaoneka moyera ngati siliva musiyeni pomwepo, amatentha ameneyo, nde ganizani mtolo wa mawaya otero mu siling'i pansi pa malata ndi dzuwa la Okutobala la kwathu kuno, aaa ayi.

Ine ndikanati makamera ndi Wi-Fi ziyende pa PoE, mwinanso ka sikirini ka pa reception ngati mupeze kopangidwira zimenezo, koma ma monita a mu ofesi aja muitane wamagetsi aike soketi. Tajambulani ka sitika kali kumbuyo kwa monita imodzi munditumizire ndione ma watts ake.