Nseru yandisowetsa mtendere

Azakhali, ndili ndi pathupi pa masabata 9. Ndimagona ku Diepsloot, ntchito ndimagwira ku Fourways, kuno ku Joni. Ndikangokwera takisi m'mawa, fungo la petulo limandisanzitsa. Ngakhale usipa womwe amayi anatumiza pa basi sindikuufuna n'komwe. Nditani?

Pepani mwana wanga. Apa m'pamene nseru imafika pachimake. Kwa ambiri imazilala pofika masabata 16 mpaka 20. Ine pa mwana wanga woyamba ndinkagona ndi mabisiketi ouma pambali pa pilo, n'kudya awiri ndisanadzuke. Musakwere takisi ndi njala, ndipo khalani pawindo. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, muzipsontha tiyi wa jinja. Usipawo usungeni kaye. Koma mukatha tsiku lathunthu madzi osakhazikika m'mimba, mkodzo n'kuda, thamangirani kuchipatala, osadikira tsiku la sikelo.