Kukolola ndi kukonza allotment chisanu chisanagwe

Mayi wina wa ku Leeds, mzinda wa kumpoto kwa England, watilembera pa imelo. Akuti khonsolo inawapatsa theka la puloti ya allotment (munda waung'ono wochita lendi wolimapo zakudya) mu Malichi, ndipo anabzalamo chimanga choyera, maungu, nyemba, mbatatesi, tomato, mpiru ndi repu. Pano Okutobala walowa, chimanga sichikuuma, ndipo anzawo oyandikana nawo ayamba kale kuzula mbewu n'kumayala makatoni. Akufunsa kuti ayambe kukolola chiyani, nanga mundawo ausiye bwanji mpaka chaka chamawa.

Mayi, chimangacho musachidikire. Mbewu yoyera ya kwathu imafuna masiku otentha ochuluka kuposa amene kumpoto kwa England kuli nawo. Mukachisiya chichita chuku, ndipo makoswe ndi agologolo akuthandizani kukolola. Ndevu zikada, fendulani khoko pang'ono n'kutsina njere imodzi ndi chikhadabo. Ikatuluka madzi amkaka, thyolani lero lomwe. Chodya mudye, chotsala muchiwiritse mphindi 7 kapena 8, muchiviike m'madzi ozizira, chikauma muchiike mufiriza.

Ndondomeko yokolola ikutsatire chisanu. Muziona zanyengo za Met Office, bungwe loona zanyengo ku UK, madzulo alionse. Akanena kuti usiku kufika madigiri 3 kapena kutsikirapo, kumwamba kuli kopanda mitambo ndiponso kopanda mphepo, dziwani kuti pansi pakhoza kuundana. Maungu, tomato ndi nyemba sizipirira ngakhale usiku umodzi wotere, masamba amadzuka atada bii.

Dzungu mulidule pamodzi ndi tsinde lake lotalika masentimita 5 mpaka 10, ndipo musalinyamule pogwira tsindelo, chifukwa likathothoka kuwola kumayambira pabalapo. Liikeni pawindo lofika dzuwa masiku 10 kuti khungu likhwime, kenaka mulisunge pamalo ouma a madigiri 10 mpaka 15, maungu osakhudzana. Shedi ya kumunda siyoyenera, imazizira mopitirira. Musaiwale nkhwani womaliza. Dzuwa lofutsira ndiwo kulibe mwezi uno, choncho muwiritseni pang'ono n'kumuika mufiriza. Tomato wosapsa muikeni m'katoni pamodzi ndi nthochi yakupsa, apsera momwemo. Nyemba zimene makoko ake sanaume muzizule ndi mtengo womwe n'kuzipachika chazondoka pamalo opita mphepo.

Mbatatesi zikumbeni tsiku lopanda mvula ndi foloko yolimira, kuyambira patali ndi phando kuti musazibaye. Zisiyeni pamtunda maola awiri kapena atatu ziume, kenaka muziike m'matumba a pepala kapena ziguduli, pamdima. M'pulasitiki zimachita thukuta n'kuwola, pamene pakuwala zimabiriwira, ndipo zobiriwirazo zili ndi poizoni. Ngati masamba anagwidwa chiwawu, adulireni pansi n'kudikira masabata awiri musanakumbe, kuti matendawo asagwere pa mbatatesi zenizenizo. Musazichedwetse m'dothi lonyowa, nkhono zopanda chigoba zija zimaziboola. Tating'onoting'ono tomwe mutole, chifukwa totsalira timamera chaka chamawa ndipo tingasunge chiwawu.

Repu musamuzule. Amapirira chisanu ndipo mudzathyolabe ndiwo m'miyezi yozizira, ngakhale adzakula pang'onopang'ono. Mpiru ndi wofewerapo, umafuna kufunditsidwa nsalu yopyapyala ya fleece. Mdani wamkulu ndi njiwa. Neti muikweze pa timitengo kapena mapaipi opinda, chifukwa ikagona pa masamba njiwa zimatera pamwamba n'kumajompha kudzera m'mabowo.

Tsopano za nthaka, zomwe ndiye zikuluzikulu. Kwathu tikakolola munda umagona padzuwa, ndipo ambiri tinazolowera kusosa, kutentha zinyalala n'kuunda mizere podikira mvula. Kuno miyezi ikubwerayi ndi yamvula, ndipo nthaka yosiyidwa pambalambanda imagogomezeka pamwamba, chakudya cha mbewu n'kutsukikira pansi. Choncho bedi lililonse lilowe m'nyengo yozizira litafunda kanthu. Mapesi musatenthe. Malo ambiri a allotment amaletsa moto kapena amauikira masiku ake, onani pa pepala la mgwirizano wanu. Aduleni tizidutswa ta masentimita 10 mpaka 15 n'kuwasakaniza ndi masamba aawisi pa mulu wa kompositi, apo ayi mudzawapeza ali chimodzimodzi mu Epulo.

Musanafunditse, chotsani udzu wa mizu yoyandalala, makamaka couch grass ndi bindweed. Mizu yake ndi yoyera, yothyoka msanga, ndipo kachidutswa kalikonse kamamera. Gwiritsani foloko, mutakase dothi n'kumasolola mizuyo ndi manja. Khasu limaidula, ndipo makina otipulira nthaka a rotavator amaichulukitsa kwambiri. Mizu imeneyi isapite pa kompositi. Chimodzimodzi mbatatesi zowola ndi mizu yotupa ya repu kapena mpiru. Kutupako ndi matenda a clubroot, omwe amatha kukhala m'nthaka zaka 20.

Chofunditsira chabwino koposa ndi manyowa owolerana, oyalidwa pamwamba masentimita 5 osakumbira, nyongolotsi zidzawatsitsa zokha. Koma tiwerengetsere. Puloti yathunthu imakhala pafupifupi masikweya mita 250, ndiye theka lanulo ndi 125. Wilibala imodzi yodzaza imakwana masikweya mita amodzi ndi theka basi. Munda wonse simungaukwanitse, choncho manyowa apite pamene padzakhale maungu, chimanga ndi mbatatesi. Pa karoti musathire, amachita mphanda.

Manyowa a mahatchi aulere amene amatsitsidwa pageti muwayese kaye, chonde. Ena amakhala ndi mankhwala ophera udzu otchedwa aminopyralid, omwe amadutsa m'mimba mwa chiweto osawonongeka ndipo amapundula nyemba, tomato ndi mbatatesi. Sakanizani manyowawo ndi dothi m'timiphika tiwiri, tina tiwiri mukhale dothi lokha, mubzale nyemba monsemo n'kuika pawindo m'nyumba. Pakatha masabata atatu kapena anayi, ngati masamba a nsonga akupindikapindika m'timiphika ta manyowa mokha, mulu umenewo usafike pa bedi lanu.

Mabedi otsalawo ayaleni makatoni abulauni, mutachotsa tepi ndi mawaya ake. Azisanjikizana masentimita 15 m'mphepete kuti udzu usapeze potulukira, ndipo muwatsindire ndi njerwa kapena matabwa chifukwa mphepo ya Novembala imawaulutsira kwa anzanu. Kapena fesani mbewu yophimbira nthaka. Grazing rye, mbewu yonga tirigu, amamerabe mpaka kumapeto kwa Okutobala ndipo mizu yake imagwira chakudya chimene chikanatsukika. Mudzamudule n'kumukwirira mu Malichi, koma mudzadikire masabata atatu kapena anayi musanafese njere zing'onozing'ono, chifukwa akamawola amalepheretsa kumera. Mustard wophimbira nthaka inu musamufese. Ndi banja limodzi ndi mpiru ndi repu, amangodyetsa clubroot.

Kagulireni kachipangizo koyezera pH (mulingo wa asidi m'nthaka) m'sitolo ya zaulimi. Pamene mudzabzale repu ndi mpiru, ngati pali pansi pa 6.5, thirani laimu motsatira zolembedwa pa paketi. Laimu ndi manyowa zisapite pa bedi limodzi nthawi imodzi, chifukwa nayitrojeni amathawira mumpweya. Ndipo dothi lamakande likamamatira ku jombo, musalipondeponde. Yalani thabwa n'kumayenda pamenepo.

Lembani papepala pamene panali mbewu iliyonse, musanaiwale, kuti mbatatesi ndi tomato zisabwerere pamalo amodzi, ndiwo zamasamba nazonso zisamuke. Bedi limodzi mulisungire adyo, amene amafuna kuzizira kuti mutu ugawike bwino. Gulani wa mbewu, osati wa mu supamaketi. Bzalani zidutswa zikuluzikulu kuyambira pakati pa Okutobala mpaka Novembala, nsonga kuloza kumwamba, itakwiririka masentimita awiri kapena atatu, motalikirana masentimita 15, mizere masentimita 30. Ngati malo anu amadikha madzi, undani kamzere kokwera n'kubzala pamwamba pake kuti asawole. Mbalame zikawazula, abwezereni pomwepo. Mudzakumba mu Juni kapena Julayi, masamba akayamba kuchita chikasu.