Diresi yavalidwa kawiri, msoko waphwasuka: mafunso kwa mmisiri wa makina osokera

Ntchito yanga ndi makina osokera. Ndimamasula, kupukuta, kuthira mafuta ndi kubwezeretsa makina a matelala a pakhonde ku Area 2, ku Mchesi ndi ku Kawale mu Lilongwe, komanso a amayi amene amasokera kunyumba. Koma munthu sungakhale zaka ukukonza makina osadziwa nsalu imene imadutsa pansi pa singano. Mafunso awa andipeza masabata apitawa, ndipo onse akuzungulira pamodzi.

Amisiri, kale ndikagula diresi m'sitolo za m'tauni, osati zodula kwambiri koma za mtengo wapakati, inkatha zaka ndikuvala. Pano ndagula ina, ndavala kawiri kutchalitchi, msoko wa m'khwapa waphwasuka. Mtengo wakwera koma diresi yafooka. Ndi maso anga kapena zinthu zasinthadi? (Mayi wa ku Area 25)

Mayi, maso anu sakukunamizani. Itembenuzeni diresiyo, mkati mukhale kunja. Paja amati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Opanga zovala masiku ano akukongoletsa pamene diso la wogula limafika, n'kumadula ndalama pamene diso silifika.

Tengani tepi ya telala, muyike pa msoko, muwerenge masitichi pa inchi imodzi. Diresi yosokedwa bwino imakhala ndi masitichi 10 mpaka 12. Zambiri zimene amayi akubwera nazo kwa matelala anga ndikumawerenga 7 kapena 8. Kufakitale sitichi ikatalika, msoko umatha msanga ndipo ulusi umalowa wochepa. Pa diresi imodzi n'kanthu kosaoneka, koma pa madiresi zikwizikwi ndi ndalama ndithu.

Mukatero onani m'mphepete mwa nsalu. Ulusi wolukanalukana ngati ukondewo ndi wa makina a ovaloko. Ovaloko ya ulusi utatu ntchito yake ndi kutseka m'mphepete kuti nsalu isayoyoke, si yonyamula msoko pa nsalu yosatamuka. Pambali pake pamayenera kudutsa mzere wina wowongoka, umenewo ndiwo msoko weniweni. Ngati pa diresi yanu mzerewo palibe, ndiye kuti m'khwapa monse munagwiridwa ndi ukonde wokhawo, ndipo mutakweza mkono poimba kwaya nkhani inathera pomwepo. Nayonso nsalu yotsalira mkati yachepa. Telala wathu amasiya sentimita imodzi ndi theka. Zogulazi nthawi zina sipafika n'komwe sentimita imodzi. Mukanenepa pang'ono, telala alibe poti n'kukuwonjezerani.

Chatsitsa dzaye ndi ndalama. Zovala zambiri za m'sitolozi zimachokera kunja, ku China, ku South Africa, ku Turkey ndi kwina, ndipo woitanitsa amalipira ndi ndalama zakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wamalonda wofuna kuti mayi wolandira pamwezi azigulabe kwa iye amatsika giredi ya katundu, chifukwa mtengo wa giredi yakale ija ungathamangitse makasitomala onse. Komatu si zathu zokha. Kunjakonso makampani akuluakulu anazolowera kutulutsa masitayilo atsopano pafupipafupi, ndiye chovala chikusokedwa ndi maganizo oti chivalidwe kanthawi, wina agule china.

Langizo langa ndi losavuta: diresi yatsopano isanaone tchalitchi iyambe yaona telala. Adutsitse mzere wowongoka m'khwapa, m'mbali ndi kumbuyo, ndi ulusi wa poliyesitala, sitichi ya mamilimita 2.5. Alimbitsenso mabatani, chifukwa ambiri amabwera atangolendewera pa ulusi umodzi. Koma m'sitolo momwemo yesani izi: gwirani mbali ziwiri za msoko, mukoke pang'ono. Mukaona nsalu yeniyeniyo ikutseguka pambali pa msoko, kusiya timipata ngati mano a chipeso, ibwezereni pomwe mwaitenga. Imeneyo inalukidwa motayana, ndipo palibe makina amene angaichiritse.

Ndine telala, ndili ndi Butterfly yopalasa ndi miyendo. Chitenje ndi yunifolomu imasoka bwinobwino. Koma makasitomala akabweretsa madiresi otamukawa kuti ndichepetse, imadumpha masitichi ndipo ulusi umaduka. Wina wandiuza kuti timing yasokonekera. Ndibweretse? (Mnyamata wa ku Mchesi)

Achimwene, ndalama yanu ndikuifuna, koma musabwere kaye. Makina amene akusoka chitenje osadumpha, timing yake, ndiko kuti kugwirizana kwa kayendedwe ka singano ndi zitsulo za pansi pake, ili bwino. Mukalola munthu kuti ayambe kumasula zomangira za pansi chifukwa cha diresi imodzi, mawa chitenje chomwe chidzayamba kukuvutani.

Chimene chikuchitika n'chakuti singano ikamakwera kuchokera pansi, ulusi umapanga kakhwekhwe kakang'ono kumbuyo kwake, ndipo nsonga ya shatulo, kachitsulo ka pansi konyamula bobini, imakola kakhwekhweko n'kukakulunga ndi ulusi wa m'bobini. Nsalu yolimba imakhala phee pa mbale ya pansi pa singano, kakhwekhwe n'kupangika bwino. Yotamuka imakakamira singano n'kukwera nayo limodzi, kakhwekhwe sikapangika, shatulo imadutsa chabe. Ndiko kudumpha mukuonako.

Gulani singano za nsalu yotamuka, pa paketi amalemba kuti ballpoint, jersey kapena stretch, nambala 75/11 kapena 80/12. Nsonga yake ndi yobulungira pang'ono, imalowa pakati pa ulusi wa nsalu m'malo moubaya. Matelala ambiri amangosokera 100/16 chilichonse, kuyambira jinzi mpaka bulauzi, mpaka itathyoka yokha. Singano yaikulu choncho pa nsalu yopyapyala imasiya mabowo amene pambuyo pake amasololoka ngati a pa sokosi. Singano zimenezi zikasowa, ikani kapepala kopyapyala pansi pa nsalu, musoke limodzi, kenako mung'ambe kapepalako mosamala.

Za ulusi woduka pali zina. Butterfly yanu imasoka mzere wowongoka wokha, ndipo mzere wowongoka sutamuka. Kasitomala akamavala, nsalu imatamuka koma ulusi ayi, ndiye umaduka. Gwiritsani ntchito ulusi wa poliyesitala osati wa thonje, mufewetse pang'ono tenshoni (kukungika kwa ulusi) ya pamwamba, ndipo muzikoka nsalu pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa phazi lopondereza nsalu pamene mukusoka, kuti msoko ukhale ndi pobwerera. Ntchito yotere ikamachuluka, yambani kusunga ya makina a zigizagi.

Musaiwale kuchotsa mbale ya pansi pa singano sabata iliyonse n'kusesa mano okoka nsalu ndi kaburashi. Nsaluzi zimasiya ubweya wambiri. Ndipo chonde, mafuta ophikira si a makina. Amauma n'kukhala ngati ulimbo, ndipo makina otero akabwera kwa ine ndimatha tsiku lonse ndikutsuka ndi palafini.

Nanga nsalu yabwino tingaizindikire bwanji? Ina imatuluka timibulu pongochapa kamodzi, ina imafupika. (Mtsikana wa ku Biwi)

Achemwali, yambani ndi kakalata kamene amakasokerera mkati, kawirikawiri ku msoko wa kumanzere. Polyester ndi pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi, ndipo lero oposa theka la ulusi wonse umene ukupangidwa padziko ndi umenewu. Si kuti ndi woipa; mayunifolomu ambiri olimba ali nawo. Vuto ndi wopyapyala uja amene mukauyang'anitsa padzuwa mumaona dzanja lanu mbali inayo, ndipo mu Okutobala wa ku Lilongwe umakuphikani. Viscose kapena rayon ndi yozizira bwino pathupi, koma ikanyowa imafooka ndiponso imafupika. Musaifinye mopotokola. Timibulu timabwera ulusi ukakhala wopotedwa ndi tizidutswa tatifupi: nsonga zake zimatuluka, kukhuzana kumazikulunga, ndipo poliyesitala wosakanizidwamo amatigwira kuti tisagwe. Ikhuzeni nsaluyo yokhayokha kangapo ndi zala. Ikayamba kuchita ubweya pomwepo, mwadziwa.

Kakalata kakasowa, kunyumba sololani ulusi pang'ono mkati mwa mpendero muuyatse ndi machesi pa mbale yachitsulo. Thonje limanunkha ngati pepala lopserera n'kusiya phulusa lofewa. Viscose imateronso. Poliyesitala amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba.

N'chifukwa chake simuyenera kudabwa mukaona siketi ya kaunjika ya ku msika wa Tsoka ikuposa yatsopano. Ina inasokedwa kale zinthu zisanafike apa, ndipo yapirira kale kuchapidwa kwa mwini wake woyamba. Kungoti mabelo nawonso masiku ano akudzaza ndi zomwezi zosachedwa kutha, ndiye kumenekonso muzitembenuza musanalipire.

Zipi ya siketi yanga ikutseguka m'munsi ndikaikoka. Ndisinthe yonse? Komanso simbi yasiya chizindikiro chonyezimira pa thalauza langa lakuda. (Mayi wa ku Area 36)

Mano a zipi akakhala athunthu, vuto ndi kamutu kokokera kaja, kayasama. Katsitseni pansi, mukafinye pang'ono ndi pulayala mbali iyi ndi inayo, muyese, mufinyenso ngati pakufunika. Pang'onopang'ono, mayi, chifukwa chitsulo chake n'chosalimba ndipo chimasweka. Zipi zobisika zija, zimene zimaoneka ngati msoko chabe, zikafa pamene pakumana misoko ya m'chiuno ndi bwino kungosintha, ndipo ngati siketi ndi yothina muuze telala aike zipi wamba.

Za thalauzalo ndilibe uthenga wabwino. Kunyezimirako ndi ulusi umene waphwatalala ndi kutentha. Mukhoza kuyesa kuyala kansalu konyowa pamwamba n'kusita mopepuka, koma ngati wasungunuka subwerera. Pa simbi ya magetsi ikani pa kadontho kamodzi kapena tiwiri. Ya makala idikireni izizireko, ndipo muzisita chovala chili chotembenuza, kansalu ka thonje kali pakati. Ngati pa kakalata palembedwa elastane kapena spandex, musachiviike m'madzi otentha kapena m'mankhwala oyeretsera zovala aja a klorini. Timphira take timafa, ndipo thalauza limayamba kutuluka mawondo ngakhale mwini wake ataimirira.