Funsani Amisiri: Ndigule oscilloscope iti poyesa synthesizer yodzipangira?

FUNSO: Ndimakonza mawailesi pa Dedza boma. Chaka chino ndayamba kulumikiza synthesizer yangayanga (choimbira chopanga mawu ndi magetsi), oscillator ya CD40106 ndi filter ya TL072, ndipo magetsi ake ndi +12V ndi -12V. Ikulira ndithu, koma mawu ake ndi okhakhala ndipo TL072 ikufunda. Multimeter sikundiuza kanthu. Ndalama zanga ndi zochepa. Ndigule DSO138 yotchipa ija, kapena ndingogwiritsa ntchito laputopu ngati oscilloscope monga akunenera mnzanga?
Wowerenga, Dedza

YANKHO: Achimwene, multimeter imakupatsani nambala imodzi yokha, pomwe vuto lanu lili m'maonekedwe a funde. Oscilloscope, makina oonetsa funde la magetsi pa sikirini, mukuyifunadi. Musanayang'ane mtengo, onani zinthu ziwiri: ikhale ndi DC coupling, ndipo ikhale ndi matchanelo awiri.

DC coupling, kutanthauza kuti makinawo azionetsa ngakhale magetsi ongokhala osasintha, ndiye nkhani yaikulu. Mu synthesizer simuyenda mawu okha. Mulinso magetsi olamulira, amene amakwera 1V kuti mawu akwere octave imodzi, komanso LFO (oscillator yochedwa kwambiri) ndi envelope (magetsi okweza ndi kutsitsa mawu) zimene zimatha kutenga masekondi angapo kuti zikwere ndi kutsika. Apa ndi pamene nzeru ya mnzanuyo ikugwera. Pa khomo la maikolofoni la laputopu pali capacitor yotsekereza DC, choncho 3V wongokhala osasintha aoneka ngati ziro, ndipo funde la square lochedwa lioneka lopendekeka pamwamba. Komanso oscillator yotere imatulutsa funde la 10V kapena kupitirira, pomwe khomolo linapangidwira kamagetsi kochepa kwambiri. Mukhoza kuotcha laputopu.

Matchanelo awiri amakuthandizani kuona zimene zikulowa mu filter ndi zimene zikutuluka nthawi imodzi, china pamwamba china pansi.

DSO138 ili ndi DC coupling, imagwira ndi 9V, ndipo ena amaigulitsa ili zidutswa kuti muwotcherere nokha. Pophunzirira ndi yabwino. Koma tchanelo chake ndi chimodzi, ndipo imaona mpaka 200 kHz basi. Mwina muti khutu la munthu limalekeza pa 20 kHz, ndiye chavuta n'chiyani? Chavuta ndi TL072 yanuyo. Op-amp (chip yokulitsa funde) ngati imeneyi ikafunda popanda chifukwa chooneka, nthawi zambiri imakhala ikudzilirira yokha pa liwiro la mazana a kHz mpaka kupitirira 1 MHz. Khutu silimva, DSO138 nayo siona bwino, koma mawu amakhakhala. Mutagula imeneyo, vuto lomwe lakulembetsani kalatayi likhoza kukubisalirani.

Ife tikuti fufuzani ya 20 MHz mpaka 50 MHz. Za 100 MHz ndi 200 MHz musatayirepo ndalama pa ntchito ya mawu. Ngati thumba lilola, Rigol DS1054Z ya matchanelo anayi ndi 50 MHz idzakutumikirani zaka zambiri, koma ndi ya madola mazana angapo, kuonjezerapo zotumizira ndi msonkho wa MRA. Pakatikati pali za m'manja monga Owon HDS242, ya 40 MHz ndi matchanelo awiri, yoyendera mabatire a 18650. Kwathu kuno batire ndi phindu lenileni: magetsi a ESCOM akathima ntchito ikupitirira, ndipo simudalira inverter yotchipa imene imalowetsa phokoso lake pa zimene mukuyesa. Koma chenjerani ndi tina ta m'manja tolembedwa ma MHz ambiri pa bokosi. Onani sample rate, kuchuluka kwa maulendo amene makinawo amayesa funde pa sekondi: ikhale yoposa bandwidth (ma MHz olembedwawo) kasanu kapena kupitirira, apo ayi nambalayo ndi yokopera ogula.

Yakale ya analogi ya 20 MHz, ya galasi lobiriwira ija, mukaipeza kwa amisiri ku Lilongwe kapena ku Blantyre musainyoze. Iyatseni musanalipire, mudikire mphindi 15, muone ngati mzere wake uli wowala ndi wosabalalika pa matchanelo onse. Kufooka kwake n'kwakuti LFO yochedwa imangooneka ngati kadontho koyenda. Musamaitsegule, mkati muli magetsi opitirira 1,000V. Ndipo ndi chifunga cha ku Dedza cha mu Juni ndi Julayi, isungeni pouma, chifukwa chinyezi ndi magetsi otere sizigwirizana.

Oscilloscope ikafika, ikani probe (kachingwe kake koyesera) pa 10x, muikoleke pa kachitsulo kotulutsa square ya 1 kHz kamene makina ambiri ali nako, ndipo mutembenuze kasikuluwu ka pa probe mpaka pamwamba pa funde pakhale pathyathyathya. Mukadumpha izi mudzayamba kukonza vuto lomwe kulibe.

Kapanira wa ground wa pa probe apite pa 0V pokha. Pa oscilloscope ya pa khoma kapanirayu ndi wolumikizika ku earth ya pulagi, ndipo akapanira onse ndi olumikizana mkati. Wina akakhala pa 0V, wina n'kukhudza -12V, mwachita shoti.

Tsopano yesani pin 8 ndi pin 4 za TL072, pa AC coupling (imene imabisa magetsi osasintha aja) ndi 20 mV pa kabokosi ka pa sikirini. Mukaona mano a macheka obwera maulendo 100 pa sekondi, ma capacitor a power supply achepa kapena auma. Kenako pitani pa pin 1 ndi pin 7, potulukira mawu. Ngati mzere ndi wonenepa ngati wachita ubweya, chepetsani nthawi kufika 1 µs pa kabokosi, mudzaona timafunde tothinana. Wotchererani capacitor ya 100 nF kuchoka pa pin 8 kupita ku 0V, ina kuchoka pa pin 4 kupita ku 0V, miyendo yake yaifupi ndipo pafupi penipeni ndi chip. Pa waya wopita ku jack ikanipo resistor ya 1k, chifukwa chingwe chachitali chimatha kuyambitsa kudzilirira komweko. Mukatero yesaninso pin 1, ndipo mukhudze chip ndi chala pakatha mphindi zisanu kuti mumve ngati ikufundabe.