Msilikali wamantha pa Mars: mumulembe bwanji kuti owerenga amukhulupirire?

Mmodzi mwa owerenga athu watumiza imelo. Akulemba nkhani yopeka ya sayansi yochitikira pa Mars, ndipo mwininkhani ndi mnyamata amene adamulowetsa usilikali mokakamiza. Funso lake ndi ili: "Ndalemba kuti 'anachita mantha kwambiri' kasanu ndi kawiri, sajeni wake amakalipa m'mutu uliwonse, koma amene awerengako akuti nkhaniyo njozizira. Ndikulakwitsa pati?"

Mwaika mantha mumtima mwa mnyamatayo, mwambo mwauika pakamwa pa sajeni. Owerenga sangaone mumtima, ndipo kukalipa kumatopetsa pofika tsamba lachitatu. Zonse ziwirizi zitsitsireni m'manja mwa msilikaliyo.

Tiyambe ndi mwambo. Kumaphunziro a usilikali kukalipa kulipodi, koma nthawi yambiri imathera pa kubwereza chinthu chimodzimodzi: kumasula mfuti ndi kuimanganso, kuchotsa chipolopolo chimene chakakamira, kudzigwetsa pansi mfuti ikangolira. Amabwereza mpaka manja azichita okha, chifukwa zinthu zikavuta nzeru zimabalalika, chotsala n'chizolowezi basi. Ndiye sankhani ndondomeko imodzi yokha, muionetse kawiri kapena katatu kumayambiriro. Pa Mars yoyenera ndi ya kavalidwe ka chovala cha m'mlengalenga, chimene chimakuta thupi lonse n'kupatsa munthu mpweya wopuma: kukhoma magolovesi, kukhoma chipewa pakhosi mpaka chilire kuti khethe, kuwerenga mlingo wa okosijeni mokweza, kuyesa wailesi, kenako kutembenuka kuti mnzake amuyendere kumsana kumene iye sangaoneko. Poyamba mnyamatayo aziinyoza ndondomekoyi. Tsiku la nkhondo, mutu utaima, owerenga aone zala zake zikuitsata zokha.

Konzaninso maudindo. M'magulu ankhondo ambiri, kagulu kakang'ono kamakhala ndi anthu 8 mpaka 10 ndipo kamatsogozedwa ndi kopolo kapena sajeni. Timagulu titatu kapena tinayi timapanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30, wamkulu wake ndi lefutenanti, wothandizana ndi sajeni. Msilikali wamba dziko lake limathera pomwepo. Olemba ambiri amakonda kumukanganitsa ndi jenerale, zimene n'zovuta kuzikhulupirira. Amene amamudzutsa, kumupatsa ntchito ndi kudziwa kuti usiku sagona ndi kopolo.

Zilangonso zambiri n'zazing'ono koma zowawa: kulondera usiku wowonjezera, kudulidwa malipiro, kapena gulu lonse kulangidwa chifukwa cha munthu mmodzi. Chomalizachi n'chothandiza kwambiri m'nkhani, pakuti chimasandutsa anzake kukhala apolisi ake. Chilango cha imfa chidalipo ndithu. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, gulu lankhondo la Britain lidaombera asilikali ake 306 pa milandu ngati kuthawa ndi mantha, ndipo boma lidawakhululukira mu 2006, onse atafa kalekale. Pa nkhondo yachiwiri, asilikali a America othawa adalipo zikwizikwi, koma wophedwa pa mlanduwo adali mmodzi yekha, Eddie Slovik, pa 31 Januwale 1945. Iyeyu adachita kulemba yekha papepala kuti akamubweza kutsogolo athawanso, ndipo atamupatsa mwayi woti abwerere adakana. Mukafuna kuika chilango chotere m'nkhani yanu, chichitike kamodzi, ena akuonerera, aliyense akudziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukachibwereza chimasukuluka.

Koma chimene chimagwira anthu ambiri pamzere si mfuti ya akuluakulu. Ndi manyazi pamaso pa anthu asanu ndi atatu amene amagona nawo chipinda chimodzi. Mnyamata wanu atha kudana ndi nkhondoyo, kudana ndi boma lomwe lidamutuma, n'kukhalabe pamalo pake chifukwa akachokapo kumanzere kwa mnzake kukhala poyera.

Tsopano mantha. Thupi likamva zoopsa limatulutsa adirenalini, mchere wa m'thupi umene umalikonzekeretsa kumenyana kapena kuthawa. Mtima umathamanga, mpweya umakhala wa befubefu, m'kamwa mumauma gwa, m'manja mumachita thukuta. Minofu ikuluikulu imapeza mphamvu koma zala zimapusa, moti munthu amatha kunyamula mnzake wovulala n'kulephera kudina kabatani. Maso amangoona chapatsogolo, makutu amagontha, ena mkodzo umatuluka osadziwa. Zimenezi zimagwera olimba mtima omwe. Ndipo nthawi yake olemba amaiphonya: mantha amakula podikira, nkhondo isanayambe, pamene kunjenjemera kwenikweni kumabwera zonse zitatha, munthu atakhala pansi, kapu ya madzi ikumukanika kufikitsa pakamwa.

Apa m'pamene nkhani ya sayansi ili ndi mwayi umene nkhani wamba ilibe, ndipo ndikudabwa kuti simunautchule m'kalata yanu. Chovala cha m'mlengalenga chimaulula mantha. Wopuma mothamanga amamaliza okosijeni msanga, galasi la chipewa likhoza kuchita nthunzi, thukuta likalowa m'maso palibe polipukutira. Kusanzira m'chipewa n'koopsa, pakuti masanziwo alibe kolowera ndipo angamutsamwitse. Si zongopeka kuti madzi m'chipewa angaphe: mu Julaye 2013, Luca Parmitano, woyenda m'mlengalenga wa ku Italy, ali kunja kwa International Space Station (malo ochitira kafukufuku amene amazungulira dziko lapansi m'mlengalenga), madzi oposa lita imodzi adatayikira m'chipewa chake n'kumuphimba maso, makutu ndi mphuno, mpaka ntchito idalekezedwa panjira. Onjezerani kuti zovala zotere zimatumiza manambala kwa oyang'anira. Msilikali wakale ankatha kubisa mantha ndi nkhope yolimba. Wanu sangathe, chifukwa sajeni akuona kugunda kwa mtima wake pa sikirini.

Taonani mmene zingaonekere:

"Nambala 6, ukupuma ngati galu. Werenga mlingo." Anayang'ana pamkono. Manambala anali pomwepo koma sanali kutanthauza kanthu. "Werenga mokweza." Anawerenga, lilime likumatirira kunkhama. "Bwereza." Pobwereza kachitatu anazindikira kuti dzanja lake lamanja lakhoma kale golovesi yakumanzere, iye osalituma.

Palibe mawu oti "mantha", ndipo sajeniyo sanakweze mawu n'komwe. Sajeni wodziwa ntchito amapatsa munthu wamantha kantchito kakang'ono koti agwire.

Malo enieniwo agwiritseni ntchito. Mpweya wa pa Mars ndi wopyapyala, kupanikiza kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kwathu kuno, choncho phokoso limamveka motsika ndipo silipita patali. Mnyamatayo aziona fumbi likudumpha pafupi naye mwakachetechete, chomveka kwambiri chikhale kupuma kwake komwe. Kuthawa nakonso kulibe kolowera. Zovala za masiku ano zimasunga munthu maola pafupifupi 8, ndiye wothawa akungosankha malo ofera. Amene wagwira makiyi a matanki a okosijeni ndiye mwini mwambo, safunikanso kuopseza. Uthenga wa pa wailesi pakati pa Mars ndi dziko lapansi umatenga mphindi 3 mpaka 22 ulendo umodzi, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa ali. Lefutenanti wa zaka 23 alibe womufunsa pa nthawi yake, ndipo msilikali wolamulidwa chinthu choipa alibe kokadandaula msanga.

Chotsala n'choti mudziwe chimene mnyamatayo akukanira nkhondoyo, chifukwa okana sali amodzimodzi. Woopa kufa amafuna ntchito zakumbuyo, amadwaladwala, amachedwa kuvala. Woopa kupha amapita kutsogolo ndi anzake koma amalozetsa mfuti m'mwamba. Amene akuti nkhondoyi si yake amamvera lamulo lililonse ndendende, osawonjezerapo kanthu, ndipo ameneyu ndiye amazunguza akuluakulu mutu chifukwa palibe mlandu womugwira nawo. Sankhanipo mmodzi. M'kalata yanu mwanenanso kuti kumapeto mnyamatayo "amasanduka ngwazi ndipo mantha amatheratu". Pamenepo ndiye fufutani. Achite chimene akuyenera kuchita, kopolo alembe kuti wagwira ntchito bwino, koma pofika m'chipinda chovulira anzake achite kumumasula chipewa chifukwa zala zake zikukanika kupeza loko.