Za 20 tambala yoduka m'mphepete ija

Achimwene, ndayang'anitsitsa zithunzi za 20 tambala yanu ya 1971, ya njovu ija. Mwafunsa ngati kuduka kwa m'mphepeteko ndi mzere wodutsa pankhope ya Kamuzu zinachokera kufakitale yosula ndalama, kapena zinachitika m'manja mwa anthu. Ena akuuzani kale kuti mwatola chuma. Ine ndikuona kuti zonse ziwiri ndi mabala a m'njira, ndipo sindikufuna muwononge ndalama ya thiransipoti kusaka wogula.

Khobidi limayamba ngati kachitsulo kozungulira kopanda chithunzi, kodulidwa pachitsulo chachitali chopyapyala. Amakweza kaye mkombero wake, kenako makina amakapanikiza pakati pa zidindo ziwiri, kali m'kati mwa mphete yokagwira kuti kasaphwasuke. Mpheteyo ndiyo imasiya timizere ta m'mbali. Cholakwika chenicheni chimabadwira pamenepo: pakachitsuloko, pachidindo, kapena pakupanikizapo. Ndiye mukaona chachilendo pakhobidi, dzifunseni kuti: makina amenewa akanatha kuchita zimenezi?

Tiyambe ndi mzerewo. Chikombole cha njerwa chikang'aluka, dothi limalowa mumng'alumo, njerwa iliyonse n'kutuluka ndi kamzere kotukuka pamalo omwewo. Chidindo chong'aluka chimateronso. Mzere wake umakhala wotukuka, wokhotakhota, ndipo umapezeka pamakobidi ena ambiri amene anadindidwa ndi chidindo chomwecho. Kukandika kumalowa pansi, chitsulo n'kukankhidwira m'mbali mwa mzerewo. Pachithunzi chanu chachiwiri mthunzi wagwera m'kati mwa mzere, ndipo wadula chilembo ngati mpeni. Yendetsanipo chikhadabo pang'onopang'ono, mumva chikugwera.

Kudukako ndiye kumapusitsa anthu ambiri, chifukwa kuduka kwa kufakitale kulipodi. Kumachitika chodulira chikagwera pang'ono pabowo lomwe chadula kale, choncho pamalo podukapo nthawi zambiri pamakhala popindikira m'kati, mofanana ndi kuzungulira kwa khobidi lenilenilo. Poti kachitsuloko kanali koduka kale kasanadindidwe, mkombero umazimirira pang'onopang'ono poyandikira podukapo, zilembo zapafupi zimafooka ngati zikuyenderera kulowera komweko, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yoyang'anizana nayo umakhalanso wofooka. Kufooka kwa mbali inayoku osunga makobidi amakutcha Blakesley effect. Pa yanuyo mkombero wafika wonse bwinobwino n'kungothera pomwepo mwadzidzidzi, podukapo n'powongoka, ndipo pakuoneka timizere ta tupa. Munthu anapala khobidili litadindidwa kale.

Zilembo zooneka ziwiriziwiri nazo zili pawiri. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi senti ya ku America ya 1955 yosulidwa ku Philadelphia, pomwe chaka ndi mawu akuti LIBERTY zimaoneka kawiri ngakhale popanda galasi. Apo vuto linali pachidindo chenichenicho, n'chifukwa chake zithunzi zonse ziwiri n'zotukuka, zokhuthala mofanana. Koma chidindo chikangogwedera podinda, m'mbali mwa chilembo mumatsala kashelefu kafulati, chilembocho n'kuoneka chowonda. Zimenezi n'zofala ndipo sizikweza mtengo. Kulinso anthu amene amapana makobidi awiri pa vayisi; mudzawadziwa chifukwa zilembo zowonjezerazo zimalowa pansi ndipo zimawerengeka chobwerera.

Abale athu a ku Britain mwina anamvapo za 20p (khobidi la mapeni 20) yopanda chaka. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yosula ndalama ya ku Britain, inasintha maonekedwe a makobidi, chaka n'kuchoka kumbuyo kupita kumbali ya nkhope ya Mfumukazi Elizabeth. Makobidi ena anadindidwa ndi chidindo chakale kutsogolo, chatsopano kumbuyo, n'kutuluka opanda chaka mbali zonse. Chimenecho ndiye cholakwika chenicheni: khobidi losalala, lopanda bala, koma zidindo zosagwirizana. Wina akapala chaka pa 20p wamba, pamalopo pamatsala dzenje ndi zokandika. Komanso si chachilendo chilichonse chili cholakwika. Peni ya Rhodesia and Nyasaland imene agogo athu ankagwiritsa ntchito inapangidwa dala ndi bowo pakati.

Khobidi lomwe lakhalitsa m'dothi kapena lamizidwa mu asidi limapyapyala, limapepuka, ndipo zithunzi zake zimafufutika mbali zonse mofanana. Lopondedwa ndi galimoto pamsewu limadzaza timaenje ndipo limapindika. Makina osulira sapinda ndalama motero.

Chonde musalitsuke ndi phulusa, mchenga kapena mandimu. Ndimamva chisoni ndikaona khobidi lakale litapalidwa mpaka kunyezimira, chifukwa kutsukako kumachotsa umboni womwe tikufunawo, ndipo ngakhale likanakhala lolakwika zenizeni mtengo wake ukanagwa. Lisungeni momwe lililimo, ndi mbiri yathu ndithu ngakhale lili ndi mabala. Ngati mukukayikabe, pezani 20 tambala ina ya 1971, muziyeze zonse pasikelo yaing'ono ya digito, kenako mujambule podukapo cham'mbali, kuwala kukuchokera mbali imodzi, komanso mkombero wa mbali inayo. Mukatumiza zithunzi zimenezo m'gulu muno tidzaonere limodzi.