Photoshop ikamakana kusintha kuwala kwa chithunzi

Wojambula zithunzi wina wa ku Kawale wanditumizira imelo sabata ino, akudandaula kuti akamakoka kabatani ka Levels kapena ka Hue/Saturation, zida zosinthira kuwala ndi mitundu mu Photoshop, chithunzi chimangokhala momwe chinalili, ndipo nthawi zina mawu onse a pansi pa Adjustments, mndandanda wa zida zoterezi, amatuwa osadinika n'komwe. Ali ndi zithunzi za chinkhoswe zoti apereke Loweruka, choncho akufunsa ngati n'kwabwino kufufuta pulogalamuyo n'kuiikanso.

Achimwene, musafufute kaye. Kawirikawiri pulogalamuyo imakhala ikugwira ntchito bwinobwino, kungoti ikusintha malo amene maso anu sakuyang'ana. Zinandichitikira ine ndikukonza chithunzi cha mkwatibwi: ndinakoka Curves, chida chinanso chosinthira kuwala, mpaka kumapeto, nkhope osawala ngakhale pang'ono, kenako ndinapeza kuti dzanja linali litaterereka n'kusankha kadera kakang'ono ngati njere ya mapira pakona ya chithunzi, ndipo kuwala konse kunkathera pamenepo. Dinani Ctrl+D kuti muchotse chilichonse chosankhidwa, ngakhale simukuona timadontho toyendayenda timene timazungulira kadera kosankhidwa, chifukwa Ctrl+H imatibisa koma kaderako kamakhalabe kosankhidwa.

Mukatero, yang'anani ma layer, zigawo zosanjikizana zimene zimapanga chithunzi mu Photoshop. Layer yosinthira kuwala imakhudza zokhazo zimene zili pansi pake, ndiye ngati chithunzi chili pamwamba pake, mungakoke tsiku lonse osaona kusintha. Onaninso kabokosi ka mask kamene kali pambali pa layer yosinthirayo, kamene kamabisa kapena kuonetsa kusinthako: kakakhala kakuda ndiye kuti kabisa zonse, ndipo mukakadina n'kukanikiza Ctrl+I kamayera. Kadiso ka layer kakhale kotseguka, Opacity, imene imayeza kuoneka kwa layer, isakhale pa 0, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito Image kenako Adjustments, pa Preview pakhale pochongedwa.

Za mawu otuwa aja, gwero lake limakonda kukhala fayilo yeniyeniyo. Makasitomala athu amabweretsa zizindikiro za mpingo kapena za sukulu zotengedwa pa intaneti kuti tiike pa khadi, ndipo zina mwa izo, makamaka za GIF ndi PNG zina, zimatseguka zili mu Indexed Color, momwe chithunzi chimasunga mitundu yosapitirira 256 ndipo Photoshop imatseka zida zambiri. Dzina la fayilo pamwamba limakuuzani, pakuti limalembedwa Index m'malo mwa RGB. Pitani pa Image, kenako Mode, musankhe RGB Color, ndipo mukadali pomwepo onani ngati chili pa 8 kapena 16 Bits, chifukwa pa 32 zida zina zimatsekedwanso.

Ngati vutoli likuoneka pa chithunzi chilichonse, ngakhale chongochokera mu kamera, pamenepo ndiye tikayikire kompyuta. Pitani pa Edit, Preferences, Performance, muchotse chongi pa Use Graphics Processor, mutseke pulogalamu n'kuitsegulanso; malaputopu ena a kaunjika amene timagula mu Lilongwe muno ali ndi madiraiva akale, timapulogalamu toyendetsa zipangizo za kompyuta, amene sagwirizana ndi Photoshop yatsopano. Zikakanikabe, gwirani Ctrl, Alt ndi Shift pamodzi pamene mukutsegula Photoshop, ndipo muvomere ikafunsa zofufuta fayilo ya makonzedwe, imene imatha kuwonongeka magetsi akazima mwadzidzidzi. Musanatero, sungani kaye ma action (njira zimene munajambula kuti Photoshop izizibwereza yokha) ndi maburashi anu pa fulashi, kuti ntchito ya Loweruka isakupezeni mukuyambira pachiyambi.